Dzenje pa Mzere wa Phulusa

Ine, Lusiya Kanyenda, wa zaka 64, wa m'mudzi mwa Chikwawe, Mfumu Yaikulu Kaomba, mlimi, ndikunena izi.

Ndine mkazi wa malemu Esau Kanyenda, amene anali mkulu wa zamasewera pa koleji ya aphunzitsi yoyandikana ndi kwathu. Ntchitoyo anaiyamba tisanakwatirane, bwalo la mpira lili tchire lokhalokha. Zitsa anazula ndi ophunzira, kapinga anadzala ndi manja awo. Timu ya ntchemberembaye anaiyambitsa ndi iwo, ndipo zikho zomwe akuluakulu amajambulitsa nazo muofesimo zinabwera ndi matimu awo.

Anapuma ntchito chaka chatha maso atachita ng'ala, koma Lachisanu lililonse ankapitabe kukalemba mizere ya bwalo ndi phulusa. Ankathira akuyenda cham'mbuyo, chidebe m'manja, kuti asaponde mzere. Kayendedwe kameneko pakolejipo ankakadziwa aliyense, ngakhale agalu.

Mu Seputembala a Ronald Msiska, oyang'anira malo a koleji, anabwereketsa theka la bwalo kwa mlimi wina kuti afese nazale ya fodya. Amuna anga anakadandaula kuofesi. Atabwerako anandiuza kuti a Ronald awayankha kuti, "Madala, kapinga sagulitsidwa ku okushoni."

Lachinayi lapitalo antchito anakumba dzenje losungiramo madzi othirira. Analikumba pa mzere penipeni, lozama kuposa msinkhu wa munthu, n'kuliphimba ndi udzu. Palibe anatiuza.

Lachisanu masana ndinawatsatira amuna anga ndi chipewa chomwe anaiwala. Ndili pachipata ndinawaona akuthira phulusa, msana ataulozetsa kumene kunali udzuwo. A Ronald ndi antchito atatu anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, pafupi moti wina akanatsokomola, amuna anga akanamva. Wantchito wina, Benjamin, anaimirira kuti akuwe. A Ronald anamukoka malaya, n'kuika chala pakamwa. Zimenezi ndinaziona ndi maso angawa, ndipo ine ndilibe ng'ala.

Amuna anga anagwera m'dzenjemo, chidebe pamwamba pawo. Ndinamva kuseka. Ndikuthamanga, ndinamva wezulo yawo ikulira m'dzenjemo, poti ankaivala m'khosi nthawi zonse. A Ronald anaomba m'manja nati, "Mpira watha, oimbira anena!"

Benjamin ndiye anatsika n'kuwatulutsa. Miyendo inali itasiya kugwira. Ndinagwada kupempha galimoto ya koleji. A Ronald anati, "Amayi, galimoto ndi ya ogwira ntchito, osati opuma." Tinawanyamula pa ngolo mpaka kumsewu. Anamwalira Lamlungu kuchipatala, msana utathyoka.

Pamaliro a Ronald anabwera ndi nkhata ya maluwa, nalankhula m'malo mwa koleji kuti ataya mzati. Dzulo ndamva kuti munthu yemweyo wauza apolisi kuti amuna anga anali ataledzera, ankadzandira. Esau anali mkulu wa mpingo, ngakhale thobwa lowawasa ankalikana. Kuwapha sikunakwane, tsopano afuna kukwirira ndi dzina lomwe.

Ndikupempha apolisi apite kubwaloko mvula isanagwe. Mzere wa phulusa ukadalipo, kuchokera pakona mpaka pakamwa pa dzenje. Akauone ngati wakhota pena paliponse.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi.

Wosaina: Lusiya Kanyenda