Mphunzitsi Woika Manja Kumbuyo

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1949 konkuno ku Chia, ndipo pa ubatizo anapatsidwa dzina lakuti Layson Kanyenda. Woyankhulane ndine Tedson, mkulu wawo, amene ambiri mumandidziwa ndi malole anga a pa Dwangwa.

Anayamba sukulu ya mishoni mu 1957, ndipo mu 1971 analandira satifiketi ya uphunzitsi. Mu 1974 anamanga ukwati woyera ndi mayi Muriel. Ine ndayenda, abale: Joni, Beira, Dar es Salaam, konseko phazi langa lapondako. Kangapo konse ndinawaitana kuti tikasake chuma limodzi, koma iwo anakakamira choko.

Mu 1994, sukulu itakhala yaulere, ana anasefukira mpaka pansi pa mitengo ya mango, aphunzitsi ambiri ali atsopano pa ntchito. Bungwe lina linagawa mawailesi a kaseti okhala ndi maphunziro a kuwerenga ndi masamu. Koma mawailesiwo anakulungidwa m'zitenje n'kutsekeredwa m'mabokosi ngati zovala za Khirisimasi, poti aliyense ankaopa kuti angafere m'manja mwake. Malemu zinawawawa. Anandipempha batire ya galimoto ndi sola, ndipo ine ndinawabweretsera zenizeni za ku Joni, osati zotola pamsika. Anazimanga pa njinga n'kuyamba kuzungulira masukulu, mpaka kukafika ku Dwambazi.

Anali ndi lamulo lawo: akalowa m'kalasi ankaika manja kumbuyo. Waya ankalumikiza ndi mphunzitsi mwiniwake. Kaseti ikatafunidwa, ankaikulunga ndi bolopeni mphunzitsi yemweyo, ana akuonerera. Mayi Nester, mphunzitsi amene akhala apowa, tsiku loyamba analimbana ndi waya mpaka misozi, malemu osatambasula ngakhale chala. Ena ankawanena kuti ndi ouma mtima. Koma nkhawa yawo inali imodzi: kuti tsiku limene iwo adzagone, mawailesi angabwerere m'mabokosi.

Anayamba kudwala chifuwa mu Febuluwale 1998. Ndinawatengera ku chipatala ku Lilongwe pa galimoto yanga, koma Mwini moyo anawaitana pa 3 Ogasiti. Asiya mayi Muriel, ana atatu, Joshua, Thandi ndi Paulo, komanso zidzukulu ziwiri.

Banja likuthokoza ansembe, amayi a mumpingo amene anadwazika nafe, adzukulu okumba manda, ndi anansi athu achisilamu amene agona nafe pano. Koposa onse tikuthokoza aphunzitsi. M'mawa uno chimkuzamawu, chimene tinachilumikiza ku batire ya malemu, chinakana kulira. Ndinatuma dalaivala wanga kuti akatenge mmisiri ku Dwangwa, koma asanalize injini, aphunzitsi awiri achinyamata anali atagwada kale pa batire ija, mayi Nester ataima pambali, manja kumbuyo. Mawu anga mukuwamva kumapetoko chifukwa cha iwo.

A Layson mng'ono wanga, m'mabokosi muja lero akusungamo choko. Gonani mosadandaula. Mzimu wanu uuse mumtendere.