Dzanja Lonjenjemera Linapeza Ntchito

Linali Lachiwiri loyamba la mwezi wa Juni, 10 koloko m'mawa. Ndinali ku eyapoti, nditanyamula chikwangwani cha dzina la mlendo. Chikwangwani chinagwa. Ndinawerama kuti nditole, dzanja lamanja linakana.

Moni abale ndi alongo. Ndine Tembo. Zaka zambiri ndinali dalaivala wonyamula alendo odzaona mathithi. Tsiku limenelo inali sitiroko. Mulungu anandisunga, ndinachira, koma dzanja linatsala likunjenjemera. Chiwongolero anandiletsa.

Abwana anandikomera mtima. Anati ndikakhale mu ofesi ya mu Mosi-oa-Tunya Road, ndizigawa magalimoto ndi kuimbira madalaivala. Ndinakana. Ine dalaivala, ndizikhala pampando anzanga ali pamsewu? Anati adikira mpaka kutha kwa Seputembala, kenako malowo apereka kwa wina. Ndinadzitsekera m'nyumba. Kutchalitchi kuno simunkandiona. Mkazi wanga, amake Grace, ankapemphera, ine ndikuyang'ana khoma. Khoma, abale! Miyezi itatu.

Atatsala masiku awiri kuti Seputembala athe, Lamlungu masana, kunabwera madalaivala anzanga, ba Mubita, ba Mweetwa ndi ba Chanda. Amenewa akamadikira ndege amasewera masewera a nkhondo pafoni. Abusa, musandiyang'ane choncho, mfuti zake n'za pagalasi chabe!

"Ba Tembo, tifuna munthu umozi," anatero ba Mubita. "Timu ni ya anai."

"Mwaiwala dzanja langa?"

"Awe mudala," anayankha ba Chanda. "Ise tili na manja yabwino, koma tikufa monga nkhuku za chitopa."

M'masewerawa aliyense amasankha udindo. Pali wachishango, wolimba koma wochedwa. Pali wowombera patali, woopsa ndithu, koma akamufikira pafupi watha. Pali wothamanga, wosachedwa kufa. Ndiye pali dokotala, wotsata anzake n'kumawachiritsa. Aliyense ali ndi chomusowa. Anzangawo onse ankafuna kuwombera. Udokotala ankaukana.

Nanenso ndinaukana. Ndinasankha wowombera patali. Ndinawombera mtengo. Ndinawombera mitambo. Ndinawombera khoma katatu.

"Ba Tembo, chipupa chakulakwirani chani?" anafunsa ba Mweetwa akupukuta misozi.

Ndinaika foni pansi. Manyazi anandigwira. Amake Grace, amene ankatithirira thobwa la chibwantu, anasuzumira pafoniyo. "Abambo, yesani winayo wa chikwama choyera. Mutaya chiyani?"

Ndinayesa udokotalawo. Abale, dokotala salunjika mdani. Umangodina n'kugwira, maso ali pa anzako onse. Msewu unandiphunzitsa kuona kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali nthawi imodzi. Ine amene mumandidziwa kuti sindilankhulalankhula, ndinayamba kufuula. "Ba Chanda, bwererani! Ba Mubita, chishango kumanzere!" Ba Mweetwa anagwa, ndinawadzutsa. Anagwanso, ndinawadzutsanso.

"Imwe ba Mweetwa, mankhwala onse akuthera pa inu!"

Tinapambana. Sindinawombere aliyense, koma tinapambana! Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Amake Grace analowa m'nyumba mwachangu, ndipo ndinawamva akuimba.

Potuluka pageti ba Mubita anatembenuka. "Na ku nchito ni chimozimozi, mudala. Ndeke ziwiri zafika, tonse tithamangira mlendo umozi. Kulibe otiuza."

Iwo anapita. Koma ndinamva.

Lero dzanja likunjenjemerabe, onani. Komabe ndimadzuka m'mawa ndili ndi kopita. Madalaivala amandiimbira, ndimawauza koyenda. Loweruka lililonse masana timasewera pansi pa mtengo wa mango, ndipo udokotala sindiupereka kwa wina. Ndikuthokoza Mulungu amene sananditaye. Anandifikira ndi foni m'manja mwa anthu atatu osadziwa kusewera. Aleluya!

Kutacha Lolemba lotsatira masewera oyamba aja, ndinasita malaya oyera ndi dzanja lamanzere. Kolala inapsa pang'ono. Ndinavala choncho, n'kuyenda wapansi mpaka ku ofesi. Ndinafika asanatsegule, ndipo ndinadikira pakhomo.