Anati ndagulitsa maina a pamchombo

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine amake Dalitso, wa ku Msanzala kuno ku Petauke. Sindine munthu wokamba pagulu, ndipo sukulu ndinalekela giledi 6, koma zimene Mulungu anandichitila sindingazikhalile chete. Ndinatsala pang'ono kuchotsedwa pa ukwati ndi kusiya mwana wanga, chifukwa cha mlandu wakuti ndagulitsa maina a ana a m'mudzi.

Kwathu ndi ku Katete, kuno ndinabwela ndi ukwati. Dalitso atabadwa, anesi a pa kiliniki yathu yaing'ono anaona kuti sindiphonya tsiku la sikelo, ndipo anandipempha kuti ndiziwathandiza kulemba ana. Anandipatsa foni yokhala ndi pulogilamu yolembamo dzina la mwana, kulemela kwake ndi tsiku la katemela. Anati pulogilamuyo ndi yaulele, inapangidwa ndi anthu a m'maiko ambili kuti aliyense aitenge.

Vuto linali lakuti maina amafanana. Pa sikelo yathu panali a Gifiti anai ndi a Memole atatu, ena a mfunda umodzi. Tsiku lina ndinalemba kulemela kwa mwana wina pa dzina la mnzake, ndipo ndinachita manyazi kwambili. Pofuna kuti ndisalakwitsenso, ndinayamba kufunsa amai dzina la pamchombo la mwana aliyense, lija amapatsidwa mchombo ukagwa, lochokela kwa makolo amene anatisiya. Dzina limenelo satchulila mlendo. Amaiwo anali kundinong'oneza m'khutu chifukwa anandikhulupilila, ndipo ine ndinali kulemba.

Mwezi wokumba nshawa, amuna a amake Esinati, mmodzi wa amai a pa sikelo yathu, anawelenga pa foni yao kuti kampani yaikulu ya kunja yagula kampani imene inapanga nkhokwe yosungilamo zolembedwa mu pulogilamu yathu. Dzina la kampani yogulidwayo ndi limene linali kuoneka m'munsi ndikatsegula foni. Nkhani inayenda ngati moto wa lupsa. Pa chigayo anati azungu agula nkhokwe ndi zonse zili m'kati. Pa mjigo anati maina a ana athu ali kale kutsidya kwa nyanja. Pofika pa Sondo, ena anali kunena za Satana, ndipo benchi imene ndinakhalapo m'chalichi inatsala ndi ine ndi mwana wanga chabe.

Tsiku la sikelo sikunabwele mai ngakhale mmodzi wodzapimitsa mwana. Amake Esinati okha anabwela, osati ndi mwana, koma ndi mau. Anaima pakhomo nati, "Iwe wa ku Katete, dzina la amai anga ndinakuuza m'khutu. Manje wapatsa ndani?" Anesi anayesa kuwatonthoza, koma atafunsidwa ngati kampaniyo ingaone maina, anati sadziwa bwino. Yankho limenelo linandimaliza.

Sabata yomweyo Esinati anatentha thupi, ndipo anthu sanafunenso umboni wina. Apongozi anga anandiitana kuseli kwa nyumba. Sanakweze mau. Anati amai onse adzakumana pa kiliniki pa Chisanu, ndipo ngati sindidzabweza mainawo, ndibwelele kwathu. Anati Dalitso adzatsala, chifukwa dzina lake la pamchombo ndi la malemu amuna ao, ndipo nalonso ndinalilemba. Amuna anga anangoyang'ana pansi. Apongozi anamanga okha zovala zanga m'chitenje naika mtolo pakhomo, kuti ndiziuona polowa ndi potuluka.

Abale, masiku amenewo chakudya sichinali kutsika. Ndinali kudzifunsa ngati ndagulitsadi ana a anthu mosadziwa. Ndinaganiza zoponya foni ija m'chimbudzi kuti mwina maina afele momwemo, koma ndinaopa kuti adzati ndabisa umboni. Pa Chitatu masana ndili ndekha m'munda wa nshawa, ndinagwada pakati pa mizele ndi Dalitso kumbuyo. Sindinapemphele mau ambili. Ndinati, Ambuye, ine ndilibe nzelu za makompyuta, ndipo pakamwa panga ndi polemela. Nditumizileni munthu amene adziwa, ngakhale choonadi chitakhala chondipweteka.

Nditaimilila ndinakumbukila mai wina amene anabwela kudzaika pulogilamuyo chaka chatha. Ndinamva anesi akumuitana kuti amai Mwanza, ndipo anali kukonza mafoni pa msika ku boma. M'mawa pa Chinai ndinabeleka mwana, ndinakwela njinga. Ndinafika dzuwa lili pamutu. Ndinazungulila msika kawili ndisanalimbe mtima kufunsa.

Ndinawapeza m'kasitolo kodzaza mawaya. Ndinangoti "Odi," misozi inayamba. Anandipatsa mpando ndi madzi, namva nkhani yonse osandidula. Nditamaliza anapukusa mutu nati, "Mwana wanga, ife amene tigwila nchito ndi pulogilamuyi takhala tikukangana sabata yonse pa mafoni, koma sitinaganize kuti ku mudzi kuli munthu amene akulila chifukwa cha nkhaniyi. Mailo ndibwela."

Pa Chisanu pa kiliniki panadzaza. Amai anakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna anaima kumbuyo, ine ndinakhala ndekha pa khonde. Nthawi inapita, amai Mwanza osaoneka. Amake Esinati anati, "Mboni yako ili kuti, kapena nayo waigulitsa?" Anthu anaseka kuseka koipa. Apongozi anali atayamba kuimilila kuti akambe pamene tinamva kulila kwa njinga yamoto.

Amai Mwanza sanayambe ndi kukamba. Analowa m'chipinda cha anesi, natulutsa kabokosi kakuda kamene kanali kukhala pafupi ndi batile ya sola. Anakaika pa tebulo panja, nati maina onse akhala m'kabokosi aka, ndipo sikanalumikizidwepo ku intaneti. Foni yanga inali kukamba ndi kabokosiko ndikafika pa kiliniki chabe. Pofuna kuti anthu aone okha, anachotsa simu mu foni naipatsa amake Esinati kuti aigwile. Anatsegula pulogilamu, maina anaoneka. Anazimitsa kabokosi, maina anasowa. Anakayatsanso, anabwelela.

Amuna a amake Esinati anafunsa kuti nanga kampani ija yagula chiani. Amai Mwanza anawafunsa mbeu imene anabyala chaka chino. Anati nshawa za chalimbana, mbeu ya amai ao. Amai Mwanza anati, "Munthu akagula sitolo ya mbeu ku boma, kodi wagula nshawa zili m'nkhokwe yanu?" Anafotokoza kuti kampaniyo yagula dzina, maofesi ndi anchito, koma pulogilamu inapelekedwa kale kwa onse, ngati mbeu imene aliyense angasunge ndi kubyalanso. Sanabise kuti anzao ambili akwiya, poopa kuti zatsopano zidzakhala zolipila. Ena akuti tiyembekeze tione, ena atenga kale mbeuyo ndi kuyamba munda wao pa dzina lina. Koma m'zonsezo, palibe amene anaona dzina la mwana wa ku Msanzala.

Kenaka anatembenukila kwa ine, nati dzina limene anthu sakufuna kuti lilembedwe lisalembedwe. Apo ndi pamene Mulungu anamasula pakamwa panga. Ndinaimilila, ndinati, "Amai anzanga, sindinagulitse, koma ndinalakwa. Munandiuza m'khutu, ine ndinaika m'foni osakufunsani. Mundikhululukile. Amene afuna, abwele ndifafanize pamaso pake."

Woyamba kuimilila anali apongozi anga. Anabwela pang'onopang'ono, nawelama pa foni ngakhale sadziwa kuwelenga. Ndinawaonetsa pamene panali dzina la malemu amuna ao, ndinafafaniza chilembo chimodzichimodzi mpaka panayela. Anayang'ana nthawi yaitali. Pambuyo pao panapangika mzele, ndipo tinagwilizana kuti ana ofanana maina tiziwasiyanitsa ndi dzina la mai wao. Amake Esinati anabwela pomalizila, mwana ali m'manja. Anesi anamupima, anapeza malungo, namupatsa mankhwala tsiku lomwelo.

Pofika kunyumba, mtolo uja unalibe pakhomo. Ndinaupeza pa bedi, womasulidwa, zovala zitapindidwa bwino. Apongozi anali panja akumenya nshawa, ndipo osandiyang'ana anati, "Amake Dalitso, mwana mupatse kuno, upumuleko. Wayenda kwambili."

Ndiyamika Mulungu amene anamva pemphelo la pakati pa mizele, ndiyamikanso mai uja amene anatseka sitolo yake tsiku lonse chifukwa cha mlendo. Sikelo yotsatila panabwela ana onse. Inu amene mukunenezedwa ndipo mulibe mau odzitetezela, musaponye foni m'chimbudzi, musathawe. Gwadani, kenaka nyamukani mukafunse amene adziwa, ndipo pamene munalakwa vomelani. Iye amene anamasula mtolo wanga adzamasulanso wanu. Ameni.