Nkhono za ku Lifuwu m'botolo

Zaka zija ndinkaphunzitsa sitandade sikisi ku Lifuwu, inu musanabadwe, mnyamata akakodza magazi makolo sankathamangira kuchipatala ngati masiku ano, koma ankati mwanayo wayamba kukula. Musaseke, ana anga, anthuwo sanali opusa, ankangonena zimene ankaona pa mnyamata aliyense wa m'sikimu ya mpunga. Tsono a zaumoyo atalengeza kuti adzabweretsa mapiritsi a likodzo kusukulu, mphekesera inayenda kuchokera kwa Maganga mpaka ku Khombedza yakuti mankhwalawo amatseka ubereki, ndipo komiti ya makolo inagwirizana kuti tsikulo ana asadzapite kusukulu. Wapampando wa komitiyo anali amuna anga, bambo a Tadala.

Iwo sukulu analekeza sitandade folo, koma ngalande iliyonse ya m'sikimu ankaidziwa ndi mapazi awo. Ndinawawerengera buku, ndinawajambulira nkhono ndi kachilombo kamene kamatulukamo n'kulowa pakhungu, ndipo ankamvetsera mwaulemu, kenako n'kunena kuti aphunzitsi, za m'buku n'za m'buku. Ankanditchula aphunzitsi pokhapokha akakhala kuti sakugwirizana nane.

Mwezi womwewo sukulu yathu inapeza mwayi wokaona nyumba yoonetseramo za sayansi mumzinda, ndipo panafunika kholo limodzi loperekeza ana. Bambo a Tadala anadzipereka okha. M'minibasi anafungata chikwama ngati muli mazira, koma sindinafunse.

Inu lero zinthu zimenezi mumazionera pafoni, koma ife tinalowamo tili chete ngati m'tchalitchi. Chipinda choyamba chinali cha matenda, ndipo mtsikana amene ankatiyendetsa anaika kachilombo ka likodzo pansi pa galasi lokuzira zinthu, ana n'kumasuzumira mmodzimmodzi. Bambo a Tadala anakana kusuzumira. Anatsegula chikwama n'kutulutsa botolo la madzi a m'ngalande yathu, muli nkhono zimene anatola m'mawa tisananyamuke.

"Mayi, zanuzo n'za kuno, mwina munaikamo nokha. Ndionetseni m'zathuzi."

Ine ndinkadziwa kuti si nkhono iliyonse imene imakhala ndi kachilomboko, ndipo mukanapezeka mopanda kanthu, nkhani ya mapiritsi ikanathera pomwepo. Mtsikanayo sanakwiye. Anawauza zomwezo mosabisa, kenako anagawa nkhonozo m'timatambula, anaziika pansi pa babu, n'kufotokoza kuti tizilomboto timatuluka tikamva kuwala, ngati masana aja ana amakonda kusamba. Anati tiyambe taona zipinda zina tibwerere. Ife tinapita, tinaona mafupa a nyama zakalekale, miyala ya pansi pa nthaka ndi makina opanga magetsi, koma iwo anatsalira pabenchi akuyang'anira nkhono zawo kuti wina asazikhudze. Ulendo wonse uja anaona chipinda chimodzi chokha.

Titabwerera, mtsikanayo anatenga dontho m'katambula koyamba, munalibe kanthu, kachiwiri chimodzimodzi. Pa kachitatu anasuzumira, anaima pambali, ndipo bambo a Tadala anawerama. Anakhalitsa chowerama. Atawongoka anangofunsa ngati tizilombo tonse tija tatuluka m'nkhono imodzi. Anawayankha kuti inde.

Tsiku la mapiritsi bwalo la sukulu linalibe mwana, makolo okha ataima chapatali pansi pa mitengo ya mango. Bambo a Tadala anabwera wapansi akukankha njinga, anapita kwa a zaumoyo, anawayeza msinkhu pa ndodo ngati mwana wa sitandade wani, anamwa phala, n'kumeza mapiritsiwo anthu onse akuona. A Saidi, mnzawo wa munda woyandikana, anakuwa kuti pa msinkhu wawowo palibe chimene angaluze, anthu n'kuseka. Iwo sanaseke. Anatuma munthu akaitane Tadala, mwana wathu mmodzi yekha, ndipo anamuimika kutsogolo.

"Tizilomboto ndationa ndi maso anga, tili ndi mchira wa mphanda, ndipo n'ta m'ngalande yathu. Kaitaneni ana."

A Saidi ndiwo anayamba kukwera njinga kukatenga ana awo. Dzuwa lisanafike pamutu mzere unali utafika kumsewu, ndipo ine ndinalemba mayina mpaka dzanja kuuma. Tadala yemweyo lero ali ndi ana atatu, mmodzi ndi iwe wakhala pafupi ndi chitsekowe.

Agogo akowo, bambo a Tadala, anatisiya dzinja lapitali, ndipo nkhaniyi sindinainenepo chiyambire maliro. Ndainena lero chifukwa nanunso mukupita ku nyumba ija. Mukafunse chimene simunakhutire nacho, musachite manyazi ndi chinenero cha kunyanja. Ndipo mukadzakula, wina akadzakukanirani zimene inu mukuzidziwa bwino, musadzafulumire kumutcha mbuli. Mudzamufunse chimene akufuna kuona ndi maso ake, mumupatse pokhala, ndipo mumudikire.