Wowina Salipiranso

Pamzere wa feteleza wa makuponi pa Kasungu Boma, mnyamata wina anatambasulira kope bambo amene anali kutsogolo kwake.

"Abwana, mukuoneka kuti ndinu a bizinesi. Tandionereni masamuwa, mtima wanga uli m'mwamba."

"Masamu a bizinesi yanji?"

"Gemu ya mpira ya pa sikirini, yoyendera jenereta. Ndinagula ndi ndalama za fodya zimene madala anandisungitsa kuti tigulire feteleza. Ndimati ndibweza fasiti. Mwezi uno magemu 300, munthu 100 kwacha, osewera awiri. Ndi 60 sauzande, eti? Koma m'thumba muli 14 yokha."

"Amalipira onse awiri?"

"Ayi, wowina sadzuka pampando, salipiranso. Ndi lamulo la magaye."

"Ndiye theka lapita kale, achimwene. Nanga jenereta yanu imamwa madzi?"

"Petulo ndi 16 sauzande."

"Basi, palibe wakuberani. Inu mumawerenga magemu, osati phindu."

"Ndiye matumba awiri sindikwanitsa?"

"Ngakhale limodzi, ndalamayi yaperewera."

"Chimanga chamera kale. Madala akuganiza kuti ndalama zawo zili bwinobwino."

"Ali kumudzi?"

"Ayi. Ndi awo ali pageti, abwera ndi ngolo."

"Tiyeni, mzere wayenda. Kutsogoloku kwatsala anthu atatu."