Phala Limene Linachedwetsa Opaleshoni ya Mwana Wanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine Chisale ndinali munthu wodziwa zonse. Sindikuwonjezera. Ku mgodi kumene ndimakonza magalimoto akuluakulu, injini ikangomva kuti ndatsika ndege inkachira yokha ndi mantha. Ndikabwera kuno ku Perth, mumzinda wa Australia uno, kudzapuma, ndinkamwa mowa mpaka a galimoto yotola mabotolo ku Maddington ankandipatsa moni ngati bwana wawo. Kutchalitchi ndinkangotula banja pageti ngati wa takisi.

Ndiye akazi anga, mayi a Tadala, anaima. Pa sikani madokotala anapeza kuti mwana ali ndi madzi m'chifuwa, ndipo madziwo akupanikiza mtima ndi mapapo. Anati amuika kachubu kotulutsa madziwo iye ali m'mimba momwemo. Kudikira kuti abadwe kunali kumutaya.

Dokotala wogonetsa odwala, mayi wolankhula mofatsa, anatifotokozera bwino. Mayi a Tadala adzawapatsa mankhwala a dzanzi ndi owodzeretsa. Mwana adzamubaya kajakisoni kakekake kuti asamve ululu, asatakatakenso. Taonani, munthu alibe dzina, alibe thewera, koma ali kale ndi dokotala wake. Pomaliza anati tsiku la opaleshoni mayi asadye kanthu.

Ine mumtima ndinati, azungu awa. Kwathu mayi woyembekezera amadyera anthu awiri, ndipo kumusiya ndi njala n'kunyozetsa mtundu wonse. M'mawa wa tsikulo ndinaphika phala la nsinjiro, lolimba moti supuni inaima yokha. Mboni ilipo, Tadala anaona.

"Bambo a Tadala, pajatu anatiletsa."

"Phala si chakudya, mayi. Ndi madzi onenepa basi. Imwani."

Anamwa pondilemekeza.

Kuchipatala dokotala uja anafunsa kuti adya liti komaliza. Mayi a Tadala anatembenukira kwa ine. Anangondiyang'ana. Diso limenelo, abale, linasungunula batani la malaya anga. Malayawo ndinasunga.

Dokotala sanakalipe. Anati munthu akawodzera ndi mankhwala, chakudya chikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo, ndipo mayi akasowa mpweya mwananso ausowa. Opaleshoni anaisuntha mpaka masana kuti phala litsike kaye. Mtima wa mwana wanga, wotopa kale, unayenera kupirirabe chifukwa cha poto wanga.

Ndinakhala pabenchi panja pa wodi. Nzeru zonse zinandithawa osatsanzika. Kupemphera sindinkadziwa, ndiye ndinalankhula ngati pa wailesi ya ku mgodi: "Ambuye, ndine Chisale. Ndawononga kuno. Bwerani." Ndinalira, ine bambo wandevu. Kenako ndinaimbira abusa, amene nambala yawo ndinkaithawa ngati ya apongozi. Anabwera kuchokera ku Ellenbrook, tinagwada pompo, ndipo ndinapereka moyo wanga kwa Yesu pafupi ndi makina ogulitsa khofi.

Masana anawalowetsa akazi anga m'chipinda cha opaleshoni. Dokotala uja anakhala kumutu kwa mayi a Tadala nthawi yonse, kuyang'anira mpweya wa mayi kuti mwana asausowe. Atatuluka anamwetulira. Kachubu kalowa, madzi akutuluka, mtima ukugunda bwino, mwana wagona ngati nduna pamsonkhano. Anati tsopano mayi akhoza kudya. Mayi a Tadala anati, "Chilichonse, adokotala, bola asaphike awa."

Kuyambira tsiku limenelo mowa ndinauleka. Ndikauzidwa chinthu, ndimamva. Mkulu wanga kumudzi sakhulupirira mpaka lero, akuti ndinasinthidwa pabwalo la ndege.

Mwanayo anabadwa, dzina lake Mwatipatsa. Mapapo amene ankapanikizika aja, lero akalira kwathu, mabasi a ku Morley amaima kuganiza kuti ndi ambulansi. Uyo ali kumbuyoyo, akukoka duku la mayi abusa.

Alemekezeke Mulungu amene anamuona asanabadwe, n'kundionanso ine pabenchi paja. Iwe m'bale wodziwa zonse, usadikire kuti nzeru zako zipweteke mwana wako. Bwera kutsogolo kuno. Malo alipo, ndasuntha kale.