Mtengo wa Sitima Utatsika Ndinasanduka Wakuba

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, inu amene muli kuno ku Qatar ndi inu amene mukuwerenga muli kumudzi. Ine ndine Lameki, kwathu ndi ku Balaka, ndipo ndimayendetsa galimoto pa hotela ina kuno ku Doha. Ndikufuna ndichitire umboni za nthawi imene ndinatchedwa wakuba pamaso pa abale amene ndimapemphera nawo, ntchito n'kutsala pang'ono kundipulumuka m'manja. Chowawa n'chakuti zonsezi zinachokera pa ulendo wapasitima umene ine sindinali nawo ngakhale m'gulu la okwera.

Zinachitika chakumapeto kwa chaka chachiwiri cha Covid. Nthawi imeneyo ndinkayendetsa basi ya kampani ina yomanga, kutenga antchito ku akomodeshoni, kumene tonse tinkagona, m'mawa n'kukawabweza madzulo. Malipiro ankabwera akafuna okha. Koma lamulo linali litasintha. Munthu unkatha tsopano kuchoka pa kampani popanda kugwadira bwana kuti akulembere kalata yokumasula, bola upereke notisi ndipo kwina akhale akukufuna. Amene anandipezera kwinako anali a Matewere, mkulu wa gulu lathu la mapemphero, amene amagwira za maakaunti pa hotela ina cha ku Ras Abu Aboud. Anakandinenera kwa oyang'anira madalaivala kuti ndine munthu wokhulupirika, ndipo mawu awo okhawo anakwanira. Ndinapereka notisi mtima ukuimba nyimbo. Bwana wanga wakale anangondiyang'ana n'kunena kuti tsiku limene notisi idzathe, bedi langa lidzakhala la munthu wina.

Gulu lathu limasonkhana Lachisanu, poti ndilo tsiku lopuma kuno, m'nyumba ya banja lina. Muli anamwino, aphunzitsi, ndi ife a mayunifomu, alonda ndi madalaivala. Chaka chimenecho palibe amene ankayembekezera kukadya Khirisimasi kumudzi, chifukwa ukapita unkayenera kudzalipira hotela yobindikiramo pobwera. Ndiye aja a malipiro abwino anagwirizana zokwera sitima yapanyanja, zija zikuluzikulu zokhala ndi zipinda zogona ndi malo odyera, zimene zimanyamuka padoko la Doha n'kuzungulira masiku angapo. Anamwinowo anali atatopa ndi kuona anthu akumwalira, ndipo palibe amene akanawanena kuti akumwaza ndalama. Anasonkha, n'kufunika munthu wokalipira ku ofesi yogulitsa matikiti ku Al Doha Al Jadeeda. Onse anali otanganidwa ndi ntchito. A Matewere anati, "Tumani a Lameki. Masana amakhala alibe tiripi, komanso ndi munthu woongoka."

Ndinanyada, ndisaname. Envulopu ya ndalamazo ndinaiika m'kati mwa malaya, ndipo njira yonse dzanja linali pachifuwa. Bambo wa pa ofesiyo anandifunsa ngati ndikulipira zonse kapena kachigawo kongogwirira malo. Ine ndinati zonse. Anandifunsanso, ndipo ndinabwereza. Ndinakulira m'dziko limene ukapeza chinthu lero umalipiriratu, chifukwa mawa ukachipeza chitakwera. Anandipatsa lisiti, ndinalijambula n'kulitumiza pa gulu lathu la pafoni, ndipo anthu anayankha ndi timanja topemphera.

Sipanapite nthawi yaitali. Lachisanu lina titamaliza kupemphera, tisanavule n'komwe mamasiki kuti timwe tiyi, a Matewere anatulutsa foni yawo. Sitima yomweyo, tsiku lomwelo, zipinda zomwezo, koma mtengo utatsika pafupifupi ndi theka. Foniyo inazungulira chipinda chonse, ndipo aliyense akaiona ankakweza maso n'kuyang'ana ine.

"A Lameki," anatero a Matewere mofatsa, "tifotokozereni. Chenji chili kuti?"

Ndinawakumbutsa za lisiti lija, koma mlongo wina anati m'timashopu ta ku Jadeeda amalemba zimene wawauza, bola mugawane. M'bale wina anati, "Wallah, ndikulumbira, ine ndinakayikira kalekale." Ameneyo ndi munthu amene ndinamunyamulapo pamsana kutsika naye masitepe tsiku limene Covid inamubanikitsa.

Lero ndimawamvetsa, ngakhale pa nthawiyo zinkandiwawa. Tonse m'chipinda chija tinabadwira kumene mtengo umadziwa njira imodzi yokha. Shuga akakwera wakwera, feteleza akakwera wakwera, minibasi ikakwera chifukwa cha mafuta siitsika ngakhale mafutawo atatsika. Ndani wa ife anaonapo chinthu chikutchipa chokha, chosawonongeka, chosabedwa? Kwa iwo nkhani inali yosavuta. Mtengo weniweni unali wotsikawo, ndipo wokwera uja ndinaupeka ndine.

M'mawa mwake ndinathamangira ku ofesi kuja. Bamboyo sanadabwe n'komwe. Anandiuza kuti mitengo ya sitima imasintha malinga ndi zipinda zotsala. Zikakhala zambiri zopanda anthu ndipo tsiku lonyamuka likuyandikira, eni sitima amatsitsa kuti isanyamuke yopanda kanthu. Ndikanangolipira kogwirira malo kaja, akanatha kuyesa kundisinthira ku mtengo watsopano. "Koma iwe unalipira zonse," anatero. "Khalas, zatha basi, ndalama sizibwerera." Ndinamupempha kuti abwere adzanene zimenezi pamaso pa abale anga. Anaseka, osati mwachipongwe, anangoona kuti ndi zachilendo, kenako anaitana kasitomala wotsatira.

Ndinalemba zonsezi pa gulu la pafoni lija, koma palibe amene anayankha. Tsiku lotsatira a Matewere anandiimbira. Anati sangaike dzina lawo pa munthu amene nkhani yake sinayere, choncho auza a kuhotela kuti aimike kaye za ine. Ndinawakumbutsa kuti notisi ikupita kumapeto, ndipo ikatha ndidzakhala wopanda ntchito ndi pogona, m'dziko limene munthu sungakhalemo popanda kampani yokusunga. Iwo anati, "Bwezani balansi ya anthu, achimwene, zonse zikhala bwino." Ndikanabweza chiyani? Ndikanakhala nazo mwina ndikanaperekadi kuti ndigule mtendere, ndipo pamenepo ndikanakhala nditavomera umbava umene sindinachite.

Ndinapita kukagwada kwa bwana wanga wakale kuti afafanize notisi ija. Anandiyankha kuti amene wasankha kuchoka achoke, lamulo latsopanolo likamudyetse.

Koma chimene chinandithyola mtima chinachokera ku Balaka. Wina pagulu anajambula mawu ofotokoza nkhaniyi n'kutumizira m'bale wake kumudzi, ndipo mukudziwa mmene zoterezi zimathamangira. Mkazi wanga, Esinati, ndiye ankasunga thumba la amayi kutchalitchi kwathu. Amayi anzake anabwera kunyumba mwaulemu wonse n'kumuuza kuti ayambe wapuma kaye pa udindowo. Chaka chimenecho tinali titangofolera nyumba, zinthu zimene tinazisungira kuyambira tsiku limene ndinafika kuno, ndiye anthu odutsa pamsewu ankaloza denga lathu n'kumati ndi malata a sitima. Pafoni Esinati sanandifunse ngati ndinaba. Anangoti, "Bambo a Tadala, ndikafika pa mjigo anthu akumasiya kulankhula."

Ndinasiya kupita kumapemphero. Chakudya sichinkalowa. Ndinkayendetsa basi yodzaza ndi ana a eni ake maganizo ali kwina, moti tsiku lina ndinadutsa pa maloboti atayaka ofiira, ndipo ndi Mulungu yekha amene anatiteteza. Ndinali ndi mkwiyo, ndinene poyera. Ndinkadana ndi a Matewere, ndinkadana ndi sitimayo, ndinkadana ndi tsiku limene ndinavomera kutumidwa. Masana ndikaimika basi pamthunzi kudikira antchito, ndinkatsegula foni kuyang'ana mtengo uja, ndipo pemphero langa linali limodzi lokha: Ambuye, ukwezeni. Ndinkaganiza kuti ukabwerera pamene unali, abale adzaona kuti sindinaname. Ndinafika posala kudya chifukwa cha pemphero limeneli.

Notisi itatsala pang'ono kutha, kunamveka za mtundu watsopano wa kachilombo kaja. Anthu anayambanso kuopa maulendo, ndipo mtengo uja, m'malo mokwera, unatsikanso. Nditaona ndinagwetsa mutu pachiwongolero n'kulira mokweza, basi ili yopanda munthu. Ndinauza Mulungu kuti wandiseka. Ndalama zimene ankati ndadya zinali zitachuluka tsopano. Nditaweruka tsiku limenelo ndinayamba kulongedza chikwama.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti nditasiya kupita kugulu, mabanja ena amene poyamba sanalembetse anakopeka ndi mtengo wotsika uja. Ulendo uno a Matewere sanafune kutuma munthu. Anatolera ndalamazo okha n'kulipira okha pa intaneti ndi khadi lawo, zonse nthawi imodzi, kuti aonetse mmene munthu woona mtima amachitira. Ndiye mtengo utatsika kachiwiri, mabanja aja anawapitira mafoni ali m'manja, n'kuwafunsa funso lomwe lija limene iwo anandifunsa ine.

A Matewere analimbana ndi eni sitimawo masiku angapo, kuimba ndi kulemba Chingerezi chawo chonse. Yankho linali lomwe lija la bambo wa ku Jadeeda, lakuti mwalipira zonse, ndalama sizibwerera. Atakakamira kwambiri anangopatsidwa kangachepe kogwiritsa ntchito m'sitima momwemo, pa zakumwa ndi tina ndi tina, n'kuuzidwa kuti ngakhale kameneko ndi kukoma mtima chabe.

Tsiku lina masana mlonda wa ku akomodeshoni anandiitana kuti pageti pali mlendo wanga. Ndinapeza a Matewere ataima padzuwa, tayi ili m'khosi, pamalo pamene anthu ngati iwo safika. Nkhope yawo inali itagwa. Anati, "Achimwene, ndinakulakwirani. Zimene munkanena zija zandichitikira ine." Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinawakumbatira, koma ayi. Ndinangoima manja ali kumbuyo, ndipo mawu oyamba amene anatuluka pakamwa panga anali akuti, "Nanga mkazi wanga?" Iwo anayang'ana pansi.

Lachisanu lotsatira ndinabwerera kumapemphero, ndipo a Matewere anaimirira pamaso pa onse n'kunena zonse osabisa. Ena anabwera kudzandigwira chanza, ena anatanganidwa ndi makapu a tiyi. A Matewere anapitanso kwa oyang'anira madalaivala, amene anali atayamba kale kuyang'ana munthu wina, n'kukawachonderera. Zikalata zanga zosinthira ntchito zinavomerezedwa chikwama chili chomangamanga, munthu wodzagona pa bedi langa atafika kale.

Abale, ine ndinkapempha kuti mtengo ukwere. Ukanakwera, anthu akanangoti zangochitika, ine n'kukhalabe wakuba m'maso mwawo. Mulungu anautsitsa, n'kuugwetsera pa munthu yekhayo amene gulu lonse likanamvera mawu ake. Tsiku limene ndinkati wandiseka ndi tsiku limene ankandiyankha. Ndikumuthokoza chifukwa cha ntchito imene ndili nayo, ndi chifukwa chakuti sanandilole kukwera ndege dzina langa lili lakuda. Ndikuthokozanso a Matewere, chifukwa si aliyense wa tayi amene angapite kukapepesa dalaivala. Tikupempherabe limodzi, ngakhale zinanditengera nthawi kuti ndiyambe kuyankha ameni iwo akamapemphera.

Iwe amene ukunamiziridwa lero, usavomere mlandu umene sunachite pofuna kugula mtendere, ndipo usasiye kupemphera ngakhale yankho likuoneka ngati likukuipitsira zinthu. Inunso amene mukufuna kukwera masitima amenewa, funsani musanalipire kuti mtengo ukadzatsika zidzatha bwanji, ndipo onse osonkha amve yankholo ndi makutu awo wotumidwa asanatuluke pakhomo.

Koma sindingakunamizeni kuti zonse zinakonzeka. A Matewere anajambula mawu opepesa n'kuwatumiza pagulu, kupempha kuti afike kulikonse kumene oyamba aja anafika. Uthenga wonditcha wakuba unafika ku Balaka tsiku lomwelo, koma wondiyeretsa mpaka lero ukuyendabe wapansi. Thumba la amayi silinabwerere kwa Esinati, ndipo iye akuti ngakhale atamubwezera sangalilandire. N'chifukwa chake ndalemba umboniwu, ine munthu wosazolowera zolemba. Ambuye akudalitseni nonse amene mwawerenga mpaka pano, ndipo ndili ndi pempho limodzi. Ngati munamva nkhani yoyamba ija n'kuitumiza kwa wina, tumizaninso iyi kwa munthu yemweyo. Ndipo inu a kwathu, mukakumana ndi mkazi wanga panjira, mupatseni moni ngati kale. Iye sanabe kanthu, ndipo mwamuna wake sanabe.